Tsidya Lino la Mzere Wachikasu

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Achimwene anandiuza pa foni kuti mwayambanso kupalasa makina osokera tsiku lonse ngati kuti dokotala sananene kanthu. Akuti mukamva mapazi awo mumaphimba makinawo ndi nsalu n'kukhala ngati mumangopuma. Ine sindikukudzudzulani, ndikungofunsa ngati mankhwala opaka aja akadalipo. Kuno tili bwino, ine ndi mkamwini wanu. Kwayamba kuzizira, ndipo jekete lija munandisokera ndi limene likundisunga.

Kalatayi muwerenge nokha. Magalasi akasowanso, muyambe mwayang'ana pamutu. Musawapatse achimwene kuti akuwerengereni, chifukwa mawu awo amafika mpaka kwa aneba.

Ndiyambe ndi chachikulu, ndisanachite mantha n'kuyamba kukamba za nyengo. Amayi, ndili ndi pakati. Mwezi uno ndi wachinayi. Ndinkafuna kuti mwini wake akamva, wotsatira mukhale inu, koma ndinkadikira kuti ndidutse kaye pamene zinathera maulendo awiri aja. Mukudziwa mmene ndinakhalira nditapita padera kachiwiri. Ndinadziuza kuti ulendo wina sindidzauza munthu kufikira mimba itadzinenera yokha. Sizinayende choncho. Anayamba kumva ndi anthu akuntchito, ndili chiimire m'kolido ya chipatala, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mmene zinakhalira, chifukwa ndikudziwa kuti ntchito yangayi mtima wanu sunailandirepo.

Monga mukudziwa, tsiku ndi tsiku ndimajambula mafupa ndi zifuwa za anthu pa makina a ekisileyi. Cheza chimene timajambulira chija, chimene madokotala amati radiyeshoni, sichioneka ndipo sichinunkha. Munanena nokha kuti moto wosafuka utsi ndiwo woopsa. Nditabwera kutchuthi kuja, chikwama changa cha mayunifomu munachigoneka pakhonde, mukuti m'chipinda ndi mothina. Ndinaona ndithu. Achimwene ndiye ankati magetsi akazima pasakhale wovutika kufuna tochi, angondiimika pakati pa balaza ndiziwala.

Makina anga si oopsa monga mumaganizira. Ndikawazimitsa, chezacho chimatha pomwepo, ndipo pojambula ndimaima kuseri kwa khoma la mtovu. Choopsa chili kwina. M'mafakitale ena muli tizitsulo ting'onoting'ono totulutsa cheza usana ndi usiku, timene amayezera mapaipi ndi zina. Amatisunga m'timiphika tolemera ta mtovu. Kamphika kotere kakatayika n'kupezeka ndi munthu wosadziwa, ndiye ngozi.

Chaka chatha chipatala chathu chinakhazikitsa gulu lokonzekera ngozi zoterezi, ndipo ine anandisankha kuti ndizigwira kamakina koyezera cheza. Nditamva ndinaganiza kuti alakwitsa munthu. Kusukulu ndinkakhoza, koma mukundidziwa, anthu akachuluka mawu amandithera pakhosi. Kamakinako n'kofanana ndi wailesi yaing'ono yokhala ndi chogwirira. Paliponse kamangolira apo ndi apo, koma kakayandikira chinthu choipa kamalira mosalekeza ngati nkhululu. Ine ndimangokatcha kankhululu.

Wotsogolera gululi ndi Amatironi, mayi wamfupi wa magalasi opachika pa tcheni, amene sakweza mawu koma madokotala akuluakulu amawapatukira m'njira. Amatiyesetsa mwezi ndi mwezi. Ena akadandaula kuti tikukonzekera chinthu chimene sichinachitikepo kuno, iwo amangoti chakudza sichiimba ng'oma, ndiye aliyense avale gauni.

Pafupi ndi khomo lolowera maambulansi pali chipinda chosambitsira. Pansi timayala mapulasitiki, ndipo pakhomo timamata tepi yachikasu. Tsidya lija la mzerewo ndi kodetsedwa, tsidya lino ndi koyera. Palibe chowoloka osayezedwa, kaya ndi munthu, kaya ndi lumo, kaya ndi nsapato. Wodwala wathu woyeserera ndi chidole chachikulu chimene timati Amalume. Amatironi amachiwaza ufa wosaoneka, umene umawala akayatsa nyali yapepo, ndipo tikamaliza amatiunika mmodzimmodzi kuti aone amene wautenga.

Ulendo woyamba cholembera changa chinagwera tsidya lija. Ndinachitola osaganiza, kenako ndinakanda pamphuno. Atayatsa nyali, m'chipinda monse chimene chinawala ndi mphuno yanga. Pali namwino wina wamwamuna, wamkulu ndithu, amene timamutcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipazima. Kuyambira tsiku limenelo amandiitana kuti Amphuno. Achimwene asamve zimenezi, sindingapume.

Ndondomeko yake tinaiphunzira mpaka kuilota. Choyamba ndi moyo: ngati munthu akutaya magazi kapena akubanika, timayamba ndi zimenezo, za cheza zimadikira. Kenako zovala. Sitimuvula kudzera kumutu, timadula ndi lumo n'kupindira kunja, ndipo ndimati ndikaona nsalu yabwino ikudulidwa choncho ndimakumbukira inu, mmene mukanadandaulira. Koma zovala zikangochoka, fumbi lambiri loipalo lachoka nazo. Ndiye timamusambitsa ndi madzi ofunda ndi sopo, pang'onopang'ono ngati khanda, kuyambira pamabala. Kukhula mwamphamvu n'koletsedwa, chifukwa khungu likasupuka fumbilo limalowa mkati. Tikatero ine ndimadutsitsanso kankhululu thupi lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene Amatironi sachiiwala. Wina aliyense asanavale gauni, amatiimika pamzere n'kufunsa ngati pali woyembekezera, kapena amene akudzikayikira. Wotere saloledwa kuwoloka. A Wailesi nthawi zonse amasisita mimba yawo n'kunena kuti yawoyo yapitirira miyezi yake kalekale, koma mwana wake akukana kutuluka. Timaseka, n'kuvala. Ulendo womaliza umene tinayeserera ndinali nditadziwa kale za ine. Ndinaseka nawo, osanena kanthu. Ndinati ufawo ndi wongoyeserera, ndipo chidole sichingapweteke mwana.

Tsiku la ngozi yeniyeni linafika mmawa wamba, ndili pa makina anga. Anandibweretsera bambo wina wodula zitsulo, wogwira ntchito kumalo ogula zitsulo zakale. Dzanja lake lamanja linali lofiira ndi lotupa, ndipo dokotala woyamba anaganiza kuti mwina fupa lasweka. Anali munthu wochezeka. Ndikumuyalira dzanja patebulo, anayamba kundiuza kuti asisi, zimenezi zamuchita ndi kamphika kena kouma mutu. Akuti kanali kakang'ono koma kolemera ngati tchimo, ndipo anavutika nako dzulo lake mpaka anakadula. Mkati anangopeza kachitsulo ndi kaufa konga mchere. Akuti atangoweruka anayamba kusanza, mkazi wake n'kumunena kuti wadyanso zam'njira. Ndinamufunsa ngati kamphikako kanali ndi chizindikiro. Anati eya, chithunzi cha fani ya mapiko atatu, iye ankayesa n'kochokera kukampani yopanga mafani.

Amayi, chizindikiro chimenecho ndi chomwe chili pachitseko cha chipinda changa. Ndinasiya dzanja lake. Ndipo ndikuuzeni zoona, chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga si mwana ayi, koma manyazi. Ndinaganiza kuti ndikaimitsa theka la chipatala kenako n'kupezeka kuti kanalidi ka fani, ndidzakhala Amphuno mpaka kupuma ntchito. Ndinaima choncho kanthawi ndikudzitsutsa. Kenako ndinamuuza bamboyo kuti asasunthe ndipo asagwire kanthu, n'kupita kukabati kukatenga kankhululu.

Pakhomo kanalira apo ndi apo monga mwa masiku onse. Nditayandikira kanayamba kufulumira. Nditakafikitsa pamkono wa jekete lake kanalira kosapumira. Bamboyo anandifunsa ngati wailesi yangayo yataya siteshoni. Ndinabwerera cham'mbuyo mpaka pafoni, n'kuimba nambala imene tinkaimba poyeserera.

Zonse zinayenda monga tinkachitira ndi Amalume, koma mopanda kuseka. Kolido inatsekedwa, mapulasitiki anayalidwa, tepi inamatidwa. Amatironi anatiimika pamzere n'kufunsa funso lawo lija. A Wailesi sanasisite mimba.

Mwa onse amene analipo, wodziwa bwino kankhululu ndinali ine. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete palibe angadziwe, ndipo ndikalankhula, chinthu chimene ndinkachibisa ngakhale kwa inu chikhala pamtunda, pamaso pa anthu khumi ndi awiri ovala magulovesi. Ndinkaopa kuti ndikachitchula chichokanso monga zinachokera zija. Ndikudziwa kuti munthu wopita kuyunivesite sayenera kuganiza choncho, koma ndi mmene ndinkaganizira. Ndiye ndinayang'ana tepi ija pansi, ndipo ndinakumbukira mmene munkandigwirira dzanja ndili wamng'ono, ndikafuna kudula nsalu kupyola pamene mwalemba choko. Munkati mzere salembera kukongoletsa. Ndinakweza dzanja. Mawu sanatuluke, koma dzanja linakwera.

Amatironi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sanadabwe, sanandiyamikire, sanandikalipire. Anangoti kankhululu ndipereke kwa a Wailesi, ndivule nsapato ndi khoti, ndipo woyamba kuyezedwa ndikhale ine. Kanalira pang'ono kumapeto kwa mkono wa yunifomu yanga, pamene ndinakhudza jekete la bambo uja. Anadula mkonowo, anandisambitsa dzanja mpaka m'chigongono, ndipo atayezanso kanabwerera kulira kwake kwa masiku onse. A Wailesi anakadutsitsa pamimba panga pang'onopang'ono, kawiri, ndipo anati wam'katiyu sanagwire kanthu, ali ndi mwambo kuposa mayi ake. Ndinaseka misozi ikutuluka.

Koma kankhululu kamangonena za fumbi limene lili pathupi. Cheza chimene chadutsa kale m'thupi sikachiona. Chimenecho chimanenedwa ndi kabaji kamene timavala pachifuwa, ndipo kabajiko amakatumiza kwina kuti akakawerenge. Anakachotsa n'kukatumiza tsiku lomwelo, ine n'kutsala ndi kudikira.

Amatironi anandiuza kuti ndikhoza kupita kunyumba. Ndinapempha kuti nditsale, ndipo anandiikira mpando tsidya lino, patali ndi mzere, pamene ndinkaona m'chipindamo kudzera pagalasi. Ndinkawauza a Wailesi kuti ayambire kumutu, achepetse liwiro, asagunditse kamakina pakhungu, asaiwale kuseri kwa makutu ndi m'zikhadabo. Iwo ankadandaula kuti dziko latha, wokhala pampando akulamula wotuluka thukuta. Koma ankamvera, ndipo anachita bwino. Mawu anga sanathere pakhosi tsiku limenelo. Mpaka pano sindikudziwa kumene anachokera.

Bambo uja anadandaula kwambiri ndi jekete lake, akuti linali la Lamlungu lomwe, ndipo anafunsa ngati angadzalitenge likachapidwa. Anamusambitsa kangapo kufikira kankhululu katatsika. Anamupukuta m'mphuno kuti aone ngati anapuma fumbilo, ndipo anapezamo pang'ono, choncho anamuyambitsa makapisozi abuluu amene amakola zimene zalowa m'thupi n'kutuluka nazo. Magazi ankamutenga mobwerezabwereza, chifukwa mmene asilikali a m'magazi akutsikira ndi mmene madokotala amadziwira kukula kwa cheza chimene munthu walandira. Anzake awiri akuntchito anabweretsedwanso, koma iwo zinawakhudza pang'ono. Aboma anakatseka malo a zitsulo aja, n'kupitanso kunyumba kwake ndi makina awo.

Masana kunabwera mkazi wake. Anali atayezedwa kale, iye ndi ana, ndipo anapezeka ali bwino. Anaima kumapeto kwa kolido atafumbata chikwama, osayandikira. Poti ine ndekha ndi amene ndinali nditakhala pansi, anabwera kwa ine. Anati aneba amuuza kuti mwamuna wakeyo asadzamugwirenso, ngakhale mbale asadzadyere imodzi, ndipo ena ayamba kale kuitana ana awo akaona ake akubwera. Anafunsa motsitsa mawu ngati n'zoona.

Ndinamuuza kuti munthu wopsa ndi dzuwa sasanduka dzuwa. Fumbi linali pathupi lachoka ndi madzi, ndipo lochepa limene lili mkati madokotala akulitulutsa, amuuza zoyenera kusamala kwa kanthawi. Ndinamuuza kuti mwamuna wake akudwala, koma si woopsa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka kumkono wodulidwa uja, ndipo anafunsa kuti ngati si woopsa, bwanji ine ndakhala kuno anzanga ali uko. Ndinalibe pothawira. Ndinamuuza, ndipo ulendo uno ndi pakamwa. Nkhope yake inamasuka. Anafunsa miyezi, anafunsa ngati ndikusanza, kenako anafunsa kuti amayi anga anati chiyani atamva. Nditamuuza kuti simunamve, anandimenya pabondo. Anati ine ndi maphunziro anga onsewa ndauza munthu wam'njira, mayi wondibereka ali mumdima. Anati iye mwana wake atamuchita zimenezo angamulondole kulikonse kumene ali.

Atamusamutsira bambo uja kuchipinda choyera, anamuveka mayiyo gauni ndi magulovesi n'kumulowetsa. Ndinaona pagalasi ataima pambali pa bedi, manja ali kumbuyo. Kenako anagwira dzanja lamanzere lija, labwinolo, ndipo sanalisiyenso. Mwamunayo akuti mawu ake oyamba anali akuti waona, sizinali zam'njira.

Akadali m'chipatala mpaka pano. Magazi ake anatsika, akumubaya majekeseni odzutsa mafuta a m'mafupa, ndipo ayamba kukwera. Dzanja lija litenga nthawi, ndipo madokotala sanalonjeze kuti zala zonse zitsala. Ndikamudutsa amandifunsa ngati wailesi yanga inapeza siteshoni.

Masiku odikira kabaji anali aatali. Ndinayamba kalata ino kangapo n'kuing'amba. Mkamwini wanu anatenga khitchini kuti ine ndizipuma, ndipo mapoto awiri sadzabwereranso mwakale. Sankalankhula zambiri, koma ndinkamupeza akundiyang'ana ndikayang'ana kumbali. Ine ndinkangowerengera m'mutu nthawi imene ndinaima pafupi ndi bambo uja, makamaka kanthawi kaja ndinaima ndikuopa kusekedwa. Ndinkadzifunsa ngati kanthawi kameneko sikadzandilipiritsa mwana.

Ndinkakumbukiranso zimene munanena pa foni ulendo wachiwiri uja, kuti mwina ndi ntchito yangayi. Munanena kamodzi kokha ndipo simunabwerezenso. Sindinakwiye, ndinadziwa kuti mumafuna chinthu choti muchiloze. Madokotala anandiuza kale kuti sizinali choncho, ndipo kabaji kanga zaka zonsezi kakhala kakuchitira umboni. Koma masiku amenewo mawu anu ankabwerabe m'mutu mwanga.

Zotsatira zitafika, katswiri woyang'anira za cheza anandiitana mu ofesi mwake, Amatironi ali pomwepo. Anati chimene ndinalandira n'chochepa kwambiri, chofanana ndi chimene munthu amalandira kumwamba akakwera ndege ulendo wautali, ndipo kwa mwana chinafika chochepa kuposa pamenepo. Anati kubwerera m'mbuyo kuja, ndi kusawoloka mzere, ndi zimene zinathandiza. Musatenge nkhani ya ndegeyi ngati chifukwa chokanira zimene ndikupempheni m'munsimu. Ndakudziwani kale.

Ndinamva, ndinathokoza, koma mtima sunakhale pansi. Manambala ndimawakhulupirira akakhala a anthu ena. Amatironi anaona. Anandigwira pamkono n'kunditengera okha kwa anamwino a amayi oyembekezera, n'kuimbira mkamwini wanu kuti abwere.

Anandigoneka, anandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kuikapo kamakina komvera mtima wa mwana. Namwino anakayendetsa uku ndi uku. Kunkangomveka phokoso longa mphepo. Chaka chonse ndakhala ndikupempha kuti makina akhale chete ndikawayandikiza pamunthu, ndipo tsiku limenelo ndinamva kuwawa kwa makina okhala chete. Ndinatseka maso. Namwino anati ameneyu ndi wamanyazi ngati mayi ake, wabisala kuseri. Anakanikiza m'munsi pang'ono.

Ndiye kanalira, Amayi. Mofulumira, mosadumphitsa, ndendende makina anu osokera mukamathamangitsa mpendero wa diresi la ukwati mwini wake ataima pakhomo. Ndinayamba ndaona inu mutawerama, phazi likupalasa, ndisanaganize n'komwe za mwana. Mkamwini wanu anafunsa namwino ngati angakasiye kanthawi kena, ndipo anakasiya.

Kuntchito andichotsa kaye m'gulu lowoloka mzere mpaka nditachira. Tsopano ndikuphunzitsa ena kugwira kankhululu, ndili tsidya lino. A Wailesi asiya kunditcha Amphuno, akuti tsopano ndine Abwana Apampando, ndipo sindikudziwa ngati ndakwezedwa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Musadikire kuti mwana abadwe, bwerani miyezi ikadalipo. Za mapepala ndi ulendo mkamwini wanu akambirana ndi achimwene, inu mungovomera. Maulendo awiri aja ndinakuuzani zonse zitatha, ndipo munalira nokha uko, ine ndekha kuno. Ulendo uno, kaya zikhala bwanji, ndikufuna mukhale pafupi. Ndikufuna mudzamve nokha makina omvera mtima aja, mundiuze ngati ndikunama kuti akufanana ndi anu. Mutengenso tepi yanu yoyezera, chifukwa jekete lija munandisokera lasiya kutsekeka. Kuno kulibe khonde, ndiye chikwama changa cha mayunifomu mudzagona nacho nyumba imodzi, ndipo mudzaona kuti magetsi akazima timafuna tochi ngati anthu ena onse.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndi adzukulu anu onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti watha mano akutsogolo. Moni kwa azakhali, muwauze kuti sindinaiwale, ndidzawaimbira. Nkhaniyi muisunge kaye, mudzawauze nokha mukaona kuti nthawi yakwana. Mkamwini wanu akuti moni wambiri, ndipo akuti mukabwera mudzamuphunzitse kutsuka poto wopserera.

Bondo mulipumitse. Kuno kuli masitepe.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Mzime wanu